Ludovina Analira Amake Ali Moyo

Masiku amenewo Ulongwe ankatchedwabe Vila Kotinyo, ndipo msewu umene mukuthamangitsapo njinga zamoto uwu unali matope okhaokha oti ngakhale ng'ombe inkayamba yaima isanapondemo. Takhalani pansi ana inu, mvulayi siikata msanga, ndipo zovala zanu za sewerozi sindingazisoke mutandiimirira kumutu ngati ndakuberani kanthu. Iwe Anita, wati akupatsa malo a mayi wolira pa njira ya mtanda, ndiye ukufuna ndikusokere mpango waukulu woti uzibisamo nkhope chifukwa misozi ikukana kutuluka? Ha, mwafikatu patali ana a lero. Kulira kumene mpaka wosoka akuthandizeni. Tandipatsa lumo ilo, ndikuuze za munthu amene anaima pa malo ako omwewo ife tili atsikana.

Dzina lake Ludovina, msuweni wanga, mwana wa azakhali anga aNamaseko. Inu mumamudziwa ngati gogo uja wa m'manovela a pa kanema, wovala magalasi ndi kuyankhula Chipwitikizi chopyapyala, koma ine ndimamudziwa ali ndi zipere kumutu, tikuyenda limodzi wapansi kupita ku shikola ya ku Fonte Boa, chisanu chikutiluma m'zala. Kumeneko kunali aIrima, masisitere ena achizungu, amene ankatiphunzitsa kusoka ndi katekisimu, ndipo Pasika ikayandikira ankatisankha kuti tichite sewero la Lachisanu Loyera. Ine chaka ndi chaka ankandipatsa malo a khamu. Luso langa lonse analiona kuti likukwana pamenepo, kuima kumbuyo ndi kukuwa pamodzi ndi anzanga. Koma Ludovina ankamuika kutsogolo pa amayi olira, ndipo mtsikana ameneyo akatsegula pakamwa, nkhalamba zimene zinaika ana awo m'manda osagwetsa msozi zinkafufuza kansalu kopukutira. Chaka china bambo wina anatola mwala n'kugenda msilikali wa m'seweromo, kuiwala kuti msilikaliyo ndi mphwake yemwe, wovala chisoti cha katoni. Pamenepo mudzi wonse unkati mwana wa aNamaseko ali ndi mphatso yochokera kumwamba. Mawu amenewo muwasunge, chifukwa pakamwa pomwepo mudzamvapo zina.

Azakhaliwo sanayamikire ngakhale kamodzi. Anali mayi wouma pakamwa, woti ukasinja ufa wosalala bwanji, iwo ankangoyang'ana gaga amene wagwera pansi. Ludovina akabwera kunyumba anthu akumuimbira m'manja, amake ankamufunsa ngati mbuzi zamwa madzi.

Kenaka inabwera nkhondo ija, imene inu mumaimva m'mabuku ndi kuyasamula. Tinathawa ndi zimene tinavala, kudutsa m'mapiri kulowera cha ku Dedza, ndipo tinakhala m'misasa zaka zambiri tikudya nandolo wa chithandizo amene ankaphikidwa tsiku lonse osapsa. Kumeneko anthu a mabungwe ankafuna masewero ophunzitsa kusamba m'manja ndi kuopa mabomba okwirira, ndipo sanavutike kufunafuna munthu. Ludovina anafa ndi kolera, anafa ndi bomba, anafa pobereka, palibe matenda amene sanamuphe pa bwalo lija, koma madzulo tinkadya naye limodzi. Analira amuna a m'sewero, analira ana a m'sewero, ndipo palibe munthu ndi mmodzi yemwe ananena kuti ndi malaulo, chifukwa sewero likatha ankagawa sopo. Mlamu wake aNajere, mkazi wa achimwene ake aBenedito, ndiwo ankakhala patsogolo pa mzere.

Mtendere utabwera ife tinabwerera ku makasu athu, chimanga ndi kachewere, koma iye anakwera shapa, minibasi ya ku Tete. Anayamba ndi masewero a pa wailesi, kenaka tinamva kuti ali ku Beira, kenaka ku Maputo, m'nyumba zikuluzikulu zimene anthu ovala nsapato amakhala pa mipando yofewa kuti aonere anzawo akunamizira. Amati teyatulo. Kuno akazi a m'mudzi anagwirizana kuti mkazi woima pamaso pa amuna n'kumavina ndi kulira ndiye kuti ntchito yake ndi ina, ndipo ankamupempherera mokweza kuti aliyense amve tchimo lake. Koma mawu ake akangomveka pa wailesi, omwewo ankathamangira kwa anzawo kuti tamverani, ndi wathu uyu, ndinamubereka kumsana ine. Kuchuluka kwa anthu amene anamubereka kumsana mwana ameneyo, sindikudziwa kuti anaphunzira liti kuyenda. Anakwatiwako ndi kalaliki wina wa mu ofesi, koma bamboyo anatopa ndi kuona mkazi wake akukwatiwa ndi amuna ena sabata ili yonse pa nsanja, ndipo anamuuza kuti asankhe. Ludovina anasankha masewero msanga moti bamboyo anakhumudwa.

Tsopano imvani za filimu imene inabweretsa nkhani yonseyi. Sinali ngati tizithunzi tanu ta m'mafoni timene mumajambulana mukugwedeza chiuno kuseri kwa tchalitchi. Inali filimu yeniyeni, ya mtsikana wobwerera kwawo nkhondo itatha n'kupeza amake anamwalira. Mwini filimuyo, mnyamata wandevu wa ku Maputo, ankafuna kuti Ludovina aime pa manda, agwetse msozi umodzi mwaulemu ngati mmene amachitira azungu. Ludovina anamuuza kuti kwathu ku Angoniya munthu wolira chotero amamufunsa ngati ndiye wapha malemuwo. Anamufotokozera mwambo wathu, umene inunso mukuudziwa ngakhale mumapita ku maliro kukatchaja mafoni: kuti mwana wochokera kutali sayembekeza kufika pakhomo, amayamba kulira ali pa njira, akuitana malemu ndi dzina lawo ndi kutchula zimene anamuchitira, ndipo amayi amene ali m'nyumba ya siwa, mmene mwagona thupi, amamuyankha ndi kulira kwawo. Kuyankhako ndiko kumulandira kuti ndiwe wathu, lowa. Wandevuyo anakondwa, nati achite chomwecho, m'chinenero chake.

Ndiye Ludovina anaima kumapeto kwa njira, makina akumuyang'ana, n'kuyamba. Koma dzina limene linatuluka silinali la mayi wa m'filimu. Anaitana aNamaseko. Anatchula nsapato zimene amake anavula m'mapiri a kumalire n'kumupatsa iye, iwo n'kuyenda pansi mpaka mapazi kung'ambika. Anatchula mbewu ya nyemba imene amake anamanga pa mfundo ya nsalu, n'kukana kuiphika ngakhale njala itafika poipa, kuti adzakhale ndi chodzala pobwerera. Wandevuyo sanamve liwu ndi limodzi lomwe, koma ati analira mpaka ndevu kunyowa, ndipo filimuyo inayenda maiko akutali, azungu akuwerenga timawu ta pansi timene tinkangoti mayi wanga, mayi wanga.

Patapita nthawi anabwera nayo kuno kuti kwawo aione. Anatumiziratu kapulana yatsopano kwa amake, nsalu yabuluu ya maanga a nkhanga, kuti adzavale tsikulo. Anaionetsa masana mu holo, mazenera atatchingidwa ndi mabulangete, anthu atadzaza mpaka ena kukwera pa mapewa a anzawo. Azakhali anakhala kutsogolo, Ludovina pambali pawo, ine kumbuyo monga mwa nthawi zonse, malo a khamu. Ndinali nditamufunsa m'mawa ngati akudziwa chimene akuchita, ndipo anandiyankha kuti akudziwa, akufuna amake amve, pakuti pamaso pawo zinthu zimenezo sakanatha kuzinena. Inu simudziwa, mumauza amayi anu kuti mumawakonda pa foni uku mukupempha ndalama ya mayunitsi. Ife mawu otero ankatikanika kukhosi.

Filimu inayenda bwino, anthu akuseka, akulozerana kuti uyo Ludovina wavala sanza. Kenaka inafika njira ija. Dzina la aNamaseko litamveka mu holo monse, kunagwa bata loti ndinamva jenereta yokha kunja. Nanenso ndine Namaseko, pajatu bambo anga ndi azakhaliwo ndi a mimba imodzi, koma palibe anadandaula kuti mwina akulira ine. Maso onse anapita kutsogolo. Azakhali anakhala chowongoka mpaka kulirako kutatha, kenaka anaimirira, anamanga bwino kapulana yawo, n'kutuluka osayang'ana munthu.

Zimene zinatsatira mukhoza kuzilota nokha. Akhristu amene m'mawa wa tsikulo analandira ukalisitiya anayamba kunong'onezana za malaulo, kuti mwana walira amake ali moyo, wawaitanira manda. ANajere, amene pa nthawiyo anali atakhala mkulu wa amayi a mpingo m'mudzi mwathu, anati iwo anaona kalekale kuti mphatso imene ija siinali yochokera kumwamba. Za sopo uja anali ataiwala. ABenedito anaitana mlongo wawo kuseri kwa khola n'kumuuza kuti wagulitsa maliro a amake kwa azungu, ndipo kuti chilichonse chikawachitikira amayiwo, mlandu udzakhala pamutu pake. Ludovina anagona kwa ine, ndipo m'mawa anapita kukatsanzika, koma chitseko cha amake chinali chotseka. Anaima pakhonde, anaodira, anaodiranso. Anakwera shapa maso ali ofiira, ndipo ulendo umenewo sanali kusewera.

Kuyambira pamenepo azakhali sankaloledwa kudwala ngati munthu wamba. Akatsokomola, ndi filimu. Dzino likawawa, ndi filimu. Tsiku lina anaterereka pa chitsime, aNajere anayenda nyumba ndi nyumba kulengeza kuti zija zayamba. Koma amayiwo anakhalabe ndi moyo, akulima nyemba zawo, mpaka ana obadwa chaka cha filimucho anakula n'kubereka awo. Ngati kunali kulodza, ndiye kunali kulodza kwaulesi kumene sindinakuonepo. Ena mwa amene ankawawerengera masiku tinawaika ndife, azakhali akuimba nawo nyimbo.

Ludovina ankabwera mwa apo ndi apo, akufikira kwa ine ngati mlendo. Ankapita kukagwada pakhonde pa amake, aNajere atakhala chapafupi akusankha mpunga umene unali wosankha kale, ndipo ankakambirana za mvula ndi za mitengo ya feteleza. Ulendo wina analimba mtima n'kunena kuti amayi, ngati ndinakulakwirani tsiku lija mundikhululukire. Azakhali anayang'ana kumunda, nati nyemba chaka chino zachita bwino. Basi, yankho lonse linali limenelo. Anabwera kwa ine n'kukhala pa mpando uwo wakhalapo iwe, nati Jasinta, amayi anga sadzandikhululukira. Munthu woti ku Maputo ankamuimirira m'misewu kuti ajambulitse naye.

Ulendo umenewo anandisiyira foni, mmene anaikamo masewero ake, ati kuti kwawo kukhale munthu mmodzi amene ali nawo. Sindikudziwa amene anakawauza azakhali, mudzi uno ngakhale nkhuku zimanyamula nkhani. Koma tsiku lina masana ndikusoka pompano, ndinangoona atulukira ndi ndodo yawo, kapulana ya maanga a nkhanga ili m'manja, ati mphepete yamasuka, ndiwapindire. Nditayang'ana ndinaona kuti ulusiwo sunamasuke wokha, wadulidwa ndi lumo. Ndinadula poyoyokapo n'kuyamba kupinda. Iwo anayang'ana kunjira uku ndi uku, kenaka anati, "Iwe Jasinta, ati uli nayo ija. Tayika."

Ndinaika filimu ija. Anagwira foniyo ndi manja awiri pafupi ndi maso, n'kuonera mwana wawo akuwalira. Itafika pa nsapato anati apa wanama, nsapatozo zinkandithina, n'chifukwa chake ndinamupatsa. Itafika pa nyemba anati ameneyu ankalira usiku kuti tiphike, lero akuyamikira. Ankakalipa choncho, koma misozi ikutsika m'makwinya mpaka kudontha pa chibwano, ndipo itatha anati ndibwezenso. Ndinawafunsa chimene anatulukira mu holo tsiku lija. Anandiyang'ana ngati ndine chitsiru, nati kodi ndimafuna kuti mudzi wonse uwaone akulira ngati mwana? Ndipo m'mawa muja chitseko anatseka chifukwa maso anali otupa.

Kuchokera tsiku limenelo kapulana ija siinakhalenso ndi mtendere. Pakapita milungu ingapo mphepete inkamasuka, ndipo azakhali ankabwera nayo, ine n'kudula, n'kupinda, iwo akuonera maliro awo. Nsalu imene inkafika m'mapazi inayamba kulekeza m'maondo, kenaka sinkathekanso kuvala, anayamba kuifunda m'mapewa. ANajere anaona, pakuti iwo saphonya kanthu kupatula zimene zili zoona. Anauza amayi onse a mpingo kuti Jasinta akuba nsalu ya apongozi awo pang'onopang'ono, akusokera zigamba makasitomala ake. Ndinasanduka mbala ya timizere ta nsalu, ine mayi wa makina anga.

Ndinawachonderera azakhali kuti amuuze mwanayo, kapena andilole ndimuuze ndine. Anakana. Anati iwo akudya za m'manja mwa mpongozi, ndipo zikamveka kuti nkhalamba imakonda kuonera maliro ake omwe, adzati mfiti ndi iwowo. Anatinso Ludovina akamva adzatupa mutu, ndi wonyada kale. Anandilumbiritsa kuti ndidzatsegule pakamwa iwo atatseka pawo, ndipo azakhali anga sanali munthu woti n'kumuswera lonjezo. Pa chimenechi ndimawakwiyirabe mpaka lero, sindibisa. Mawu ochepa okha akanamupeputsa mwana uja zaka zonse zija, koma iwo anasankha kuvutitsa nsalu.

Ulendo wotsiriza anabwera mpweya ukuwavuta, nsaluyo itatsala ngati mpango wa kumutu. Anaonera kamodzi kokha, osakalipa, kenaka anandiuza zoti ndidzanene, n'kundisiyira nsaluyo kuti ndisunge. Anamwalira nyengo yachisanu, chimanga chili m'nkhokwe, ali nkhalamba yokwana imene mano onse anali atapita kale. Koma aNajere polengeza anapukusa mutu, ati zija tinkanena zija zachitika.

Tinamuimbira Ludovina, ndipo anati akwera ndege mpaka ku Tete, tisaike asanafike. M'nyumba ya siwa tinadzazana amayi, thupi lili pakati pa mphasa, abambo ali panja pa moto. M'mawa wa tsiku loika, aNajere anayankhula motsitsa mawu koma moti aliyense amve. Anati alamu awo analira kale, ndipo analipidwa, misozi yawo ndi ya ntchito. Akabwera ndi zisudzo zawo pa njira, pasapezeke woyankha. Akafuna akhale panja ndi alendo, koma kumutu kwa malemu, pamalo pa mwana wamkazi, sakhalapo. Amayi ena anayang'ana pansi, ena anavomera ndi mutu. Mukudziwa kulira pa njira ya kwanu popanda wokuyankha? Ndiye kuti mudzi wakuuza kuti amene wagona m'nyumbamo si mayi wako.

Dzuwa litakwera tinamva shapa yaima kumsewu. Nyimbo inazilala yokha. Aliyense anatchera khutu, ndipo ndikuuzani zoona, ambiri ankafuna kumva, pakuti kulira kumene kunapita maiko akutali kunali kubwera kwaulere pakhomo. Tinadikira. Kunali zii. Ndinasuzumira pakhomo, ndipo ndinamuona akubwera m'njira ya pakati pa minda, mayi wa imvi, chikwama m'manja. Anafika pamphepete pa bwalo n'kuima. Anatsegula pakamwa, ndinaona khosi likugwedezeka, koma mawu sanatuluke. Anayesanso, osatuluka. Munthu amene mawu ake ankadzaza nyumba za ku Maputo popanda chokuzira, anaima pamenepo kukamwa kuli yasa, anthu onse akumuyang'ana.

Kumbuyo kwanga ndinamva wina akunong'ona kuti mwaona, popanda malipiro misozi siituluka. Anthu ake omwewo amene anapangana kuti akalira asamuyankhe, tsopano anakhumudwa kuti sanalire. Akanalira akanati zisudzo, wakhala chete ati mtima wa mwala. Ndinamva kutentha m'mutu, ndipo bondo langa ili limene limakana kupita ku tchalitchi linadzuka lokha.

Ndinatulutsa nsalu ija m'thumba n'kuitambasula pakhomo, kuti a m'nyumba ndi a panja aione. Ndinafunsa aNajere ngati akuidziwa. Anati akuidziwa bwino, ndi imene ndakhala ndikuiba. Ndinati eya, ndi yomweyo, ndipo lero ndikuuzani kumene inkapita. Ndinafotokoza zonse, za lumo, za foni, za nsapato zothina, za chitseko chimene chinatsekedwa chifukwa cha maso otupa. Kenaka ndinanena mawu a azakhali monga anandipatsira, osawonjeza mchere:

"Ludovina anandilira ndili ndi makutu, ndipo ndinamva zonse. Enanu mudzalira ndisakumva. Akadzabwera musamuvutitse, akhale kumutu kwanga, ndipo nsaluyi andifunditse ndi iyeyo. Akafuna kulira alire, akapanda kufuna, ngongole alibe. Koma umuuze kuti analira bwino."

Umuuze kuti analira bwino. Moyo wake wonse mwana uja anayamikiridwa ndi azungu, ndi akuluakulu a m'mizinda, ndi anthu osawadziwa, koma mawu amene ankawafuna anamupeza amake atazizira kale.

Ndinapita pamene anaima n'kumuika nsaluyo m'manja. Anaiyang'ana, kansalu kotsala ngati kopukutira mbale, anayendetsa chala m'mphepete mmene ndinapinda ndi kupindanso. Kenaka anakhala pansi pa dothi pomwepo, miyendo tambalale, n'kuyamba kulira. Koma ana inu, kulira kwake kunali koipa. Kunalibe mawu okoma, kunalibe dzina, kunalibe za nsapato kapena nyemba, kunali kungofuula mosasa ngati mbuzi yomangidwa, mamina ali chuchuchu, nkhope itakwinyika yosaoneka bwino. Wandevu uja akanaona akanamuchotsa ntchito tsiku lomwelo.

M'nyumba amayi ankayang'ana aNajere kuti atani. Woyamba kuyankha sanali mkazi. Anali aBenedito, bambo wa imvi, pakati pa amuna anzawo pa moto, amene anagwira kumaso n'kulira mokweza ngati kamnyamata. Atatero nyumba yonse inasweka. Amayi anatuluka, anamudzutsa, anamulowetsa, n'kumukhazika kumutu kwa amake, ndipo iye anawafunditsa kansalu kaja pachifuwa, pakuti pena ponse sikakanakwana. ANajere nawo analira, ndipo analira kuposa tonse, chifukwa mayi ameneyo sangalole kuti wina amupose pa chilichonse. Za kuba kwanga sanapepese mpaka lero, koma madiresi awo amabweretsa konkuno.

Ludovina anameta nafe, anakhala mpaka mwambo wonse unatha, n'kubwerera ku ntchito yake. Akuchitabe masewero, mumamuona nokha, gogo wolongolola wa m'manovela. Koma anandiuza kuti malo olira maliro amawakana tsopano, ati zija ankazitha kale sakuzithanso, akayesa zimatuluka zoipa zija.

Mvula ija yakata, taonani kwayera. Iwe mnyamata tenga chovala chako cha usilikali, ndipo Lachisanu uchenjere ndi miyala, mudzi uno sunasinthe kwenikweni. Koma iwe Anita, mpango waukulu sindikusokera, nsalu ndi yodula. Pita kwanu, ukapeze amako akuchokera kumunda, ukayang'ane mapazi awo bwinobwino, ndipo misozi ya Lachisanu udzaipeza yokha. Dzina lawo lokha usadzatchule pa njira ya mtanda, pajatu aNajere amakhalabe pa benchi ya kutsogolo. Koma zimene ukusungira tsiku la maliro awo, kawauze lero akadali ndi makutu, ngakhale mawu akukanike kukhosi. Ndipo akakayang'ana kumbali n'kukuyankha kuti nyemba chaka chino zachita bwino, usakakwere shapa ukulira, mwana wanga. Akumva.